Kadontho ka Aphunzitsi

Basi inanditula kutada kale. Tauni yachilendo. Magetsi a mumsewu ena akuyaka, ena ayi. Ndinafunsa kawiri njira ya kupolisi, kawiri konse anandilozera ndi mlomo.

Ntchito yanga ndi mapu. Ku likulu la apolisi ndimawerenga mayendedwe a mafoni, a magalimoto, a chilichonse chosiya mapazi ake mu kompyuta. Akandituma ndimapita. Sindikhalitsa.

Sajeni wa pamalopo anandilandira akutokosa m'mano.

"Mwavutikiranji ulendo wonsewu, bwana? Nkhani yake ndi yakupsa kale. Mungosayina basi."

Anandikankhira faelo. Lachiwiri masana, kunyumba yosungirako okalamba, bambo wa zaka 81 anapezeka atafa m'munsi mwa masitepe akuseri. Onse ankawatchula kuti Aphunzitsi. Okalamba a m'nyumbamo amavala chibangili chakuda pamkono. Chimanena pamene munthu ali, chimawerenganso mapazi amene waponda. Ana awo amaona zonsezo pa foni, kulikonse ali. Antchito nawo amavala mabaji osonyeza pamene ali.

Sajeni anayala mapu patebulo. Kadontho kofiira kanali Aphunzitsi. Kuyambira 1:50 mpaka 2:35 kankalowa m'zipinda za anzawo. Kobiriwira kanali mayi wowasamalira. Kanangoti phee m'chipinda 9, chipinda cha Aphunzitsi, mphindi makumi anayi. Nthawi ya 2:48 kofiira kanafika pamasitepe. Sikanayendenso.

"Mwaona? Nkhalamba ikuyendayenda yokha, iye wakhala pabedi pake, kaya ali pa foni kaya akugona. Mawa 9 koloko ali kukhoti. Munthu wafa chifukwa cha ulesi wake. Mwana wa malemu akudzatenga thupi kumotchale 8 koloko."

"Dokotala analiona thupilo?"

"Anaona nkhope. Anaonanso mapuwa."

Pambali pa kadontho kalikonse, kompyuta ya kampani yogulitsa zibangilizo inalembapo mawu. Akuchezera anzawo. Akupuma. Ali kuchimbudzi. Mawu okoma m'khutu. Palibe amene anafunsa kuti kompyutayo inadziwa bwanji.

"Nditsegulireni chitokosi," ndinatero.

*

"Anzake amamutcha Chete," sajeni anatero akupotokola kiyi. "Muona nokha chifukwa chake."

Mayi wa zaka za m'ma 30. Yunifomu yabuluu yomwe anamangidwa nayo. Manja ong'aluka ndi sopo. Anaimirira nditalowa.

"Khalani, mayi. Lachiwiri 2 koloko munali kuti?"

"M'chipinda 9."

"Aphunzitsi anali kuti?"

"Pabedi."

"Mapu akuti ankayenda."

"Anandionetsa."

"Ndiye?"

"Anali pabedi. Ndinkawanyowetsa milomo ndi thonje. Anasiya kupuma nditawagwira dzanja."

"Kenako?"

"Ndinakauza a Matroni. Anandituma kukaanula nsalu kuseri. Pobwera, anthu ali pamasitepe."

"Aphunzitsi anasiya liti kuyenda?"

"Yatha miyezi itatu."

"Chibangili chawo chinali pamkono?"

"Masana sichikhala. Ndikafika 7 koloko ndimapeza chachotsedwa. Amati chili ku ofesi, akuchitchaja."

Sajeni anaseka pakhomo. "A Matroni akuti amatchaja usiku, chili pamkono pomwepo. Ameneyu wangopeka."

Chete sanamuyang'ane. Anayang'ana ine.

"Akatembenuze thupi," anatero. "Aone kumsana."

Chibangili chotchajidwa chimakhala pamodzimodzi. Cha Aphunzitsi chinkayenda. Winawake ankachiyendetsa.

*

Sajeni anandisiya pageti la nyumbayo 8 koloko isanakwane. Mlonda ananditsegulira akukhosomola. Sanandifunse dzina.

Fungo linandilandira pakhomo. Pamwamba mankhwala okolopera, pansi pake mkodzo wamasiku. 

A Matroni anatuluka mu ofesi atatambasula manja. Mayi wosalala, wonunkhira mafuta odzola, magalasi opachika pa katcheni, mawu ngati uchi.

"Takulandirani, bwana. Pepani mwatipeza tili pachisoni. Aphunzitsi anali ngati bambo anga ondibereka."

Pakhoma la polandirira alendo panali bolodi. Oyenda Kwambiri Mwezi Uno. Zipinda zisanu. Chipinda 9 pamwamba, ndi kanyenyezi kapepala. Mapazi zikwi zisanu ndi chimodzi patsiku.

"Asanu amenewa timawatcha achinyamata athu," anatero. "Sasiyana. Ana awo amanyadira kwambiri. Mwana wa Aphunzitsi ankatumiza mapuwo kwa abale onse."

"Anabwera liti komaliza?"

"Ndi wotanganidwa, bwana. Nanga si makina alipo? Munthu amaona bambo ake ali muofesi."

"Antchito osamalira alipo angati?"

"Masana awiri."

"Okalamba?"

"Makumi awiri ndi atatu. Koma timakwanitsa, ndi chikondi."

Chipinda 9 chinali chochapidwa kale. Zenera lotsegula. Bedi lazitsulo zokhazokha, matiresi palibe. Fungo lina lake linakana kuchoka. Ndinalidziwa. Ndinalimvapo m'chipatala, pa munthu wowola akadali moyo.

"Matiresi ali kuti?"

"Tinataya. Anali akale."

Pansi pa kabati panali masilipasi achikopa. Ndinawatembenuza. Kapepala ka kusitolo kanali kakadamatirira kunsi kwake, koyera mbee.

"Anabwera liti awa?"

"Mwana wawo anatumiza. Yatha miyezi inayi."

"Mapazi zikwi zisanu ndi chimodzi patsiku, kapepala osada?"

Sanaphethire nkomwe. "Ankakonda kuyenda opanda nsapato. Anthu akale."

Foni inalira mu ofesi. Anandipepesa n'kupita. Ndinatsala ndekha mu kolido.

"Iwe wa chikwama! Bwera kuno ndikuone."

Mawuwo anachokera m'chipinda 8.

*

Mayi wokalamba, mutu uli pa mapilo awiri, maso akuthwa. Patebulo panali kapu ya madzi, kutali ndi dzanja lake. Ndinamupatsira. Anamwa onse.

"Ndiwe wapolisi. Nsapato zako zanena. Ndinali ndi bala zaka makumi atatu pafupi ndi depoti, apolisi ndinawamwetsa, ena ndinawakana. Iwe ndikadakukana. Ndiwe wowonda."

"Mayi, chipinda chanu chili pa bolodi. Nambala 2."

"Eeti? Ndawina chiyani?"

Anakoka bulangete. Miyendo iwiri ngati ndodo. Zidendene zakuda, zosupuka. Thewera linali litadzaza kalekale. Ndinayang'ana kukhoma.

"Usathawe maso. Yang'ana. Ndiyo miyendo ya nambala 2 imeneyo."

"Ana anu akudziwa?"

"Mwana wanga amaimba kamodzi pamwezi. Amati, amayi, komatu mukuyenda! Ine ndimati eee. Ndimuuze chiyani? Akadandaula, a Matroni andisamutsira kuchipinda chakuseri, kopanda zenera. Iye ali kutali. Ine ndili pano."

"Chibangili chanu amachichotsa ndani?"

"Ndimakhala ndili m'tulo. Mapilitsi a madzulo ndi olemera, mwananga. Ndikadzuka, mkono uli wamaliseche. Madzulo a Matroni amabwera nacho akumwetulira."

"Lachiwiri munamva chiyani?"

"Khomali ndi lopyapyala ngati la chimbudzi cha bala. Chete ankawaimbira Aphunzitsi, pansipansi. Kenako anasiya. Anatuluka. Patapita kanthawi ndinamva chikuku, mpando wamatayala uja. Tayala lake limalira ngati mwana wa mphaka. Popita linalira molemedwa. Pobwera linangoti kwee, kwee, lopepuka."

"Ankachikankha ndani?"

"Ndinamva chifuwa. M'nyumba muno wokhosomola ngati galimoto yakale ndi mmodzi. Amakhala pageti. Ndinamvanso kafungo ka mafuta odzola a anthu ophunzira."

"Munganene zimenezi kukhoti?"

Anaseka mpaka kutsamwa.

"Kawerenge faelo yanga. Analemba kuti mutu unasokonekera. Ndikati kulibe madzi, ndi misala. Ndikati msana ukuwawa, ndi misala. Mawu anga sagula ngakhale machesi. Kapeze wina. Ndipo ukamatuluka uwauze andisinthe, ndikupsa."

Ndinakawauza. A Matroni anati wausiku afika posachedwa. Kenako anandifunsa ngati ndasayina.

"Ndisayina m'mawa," ndinatero. "Zonse zikuoneka zolongosoka."

"Tili ndi kachipinda ka alendo. Tiyi ndi 8 koloko."

"Ndi bwino. Ine ndimadzuka mochedwa."

Anamwetulira. Anandikhulupirira. Wapolisi wa m'tauni.

*

M'kachipinda ka alendo ndinatsegula laputopu. Kampani inali itanditumizira zonse za miyezi itatu. Choyamba ndinafufuta mawu okoma aja. Akuchezera anzawo, akupuma, zonsezo kunja. Panatsala timadontho tokha ndi nthawi. Pansi pake ndinayalapo pulani ya nyumbayo, imene ndinajambula pakhoma la kolido. Chipinda chilichonse ndi ntchito yake.

Achinyamata asanu aja sankangoyendera limodzi. Ankaponda pamodzimodzi, sekondi imodzimodzi. Mapazi awo patsiku ankasiyana ndi awiri kapena atatu.

Ankalowa chipinda chilichonse, motsatana manambala. Mphindi zinayi, n'kutuluka. Ngakhale chipinda 14, chimene pulani inati ndi chosungiramo mabedi othyoka. Kompyuta inati kumeneko akuchezera anzawo.

Onse asanu ankalowa chimbudzi cha amayi. Aphunzitsi nawo. Kawiri patsiku.

Lamulungu lililonse onse asanu ankagona tsiku lonse. Kompyuta inati akupuma.

Ndinakulitsa chipinda chimodzi. Timadontho tinkayambira kuzenera. Khoma ili, khoma ilo, khoma ili, khoma ilo. Pang'onopang'ono tinkabwerera kukhomo. Chammbuyo.

Kenako Lachiwiri. Nthawi ya 2:35, m'chimbudzi cha amayi, kadontho ka Aphunzitsi kanasiyana ndi anzake. Koyamba m'miyezi itatu. Kanalunjika m'chipinda 9. Nthawi ya 2:41 kanatuluka, kulowera kumasitepe. Mamita makumi anayi.

Ndinayang'ana mapazi a mamita amenewo. Ziro.

Munthu anayenda mamita makumi anayi osaponda pansi. Kompyuta inaona zimenezo, inati netiweki yavuta, n'kuzichotsa mu lipoti.

Ndinaimbira sajeni. Ndinamuuza kuti afike 6 koloko ndi galimoto ndi wapolisi mmodzi. Anayamba kudandaula. Ndinadula.

Funso linatsala limodzi. Ndani amayenda chammbuyo m'chipinda chilichonse, osagwira Lamulungu?

*

Nthawi ya 5:15 m'mawa ndinali nditakhala kuseri kwa kabati ya nsalu, kumapeto kwa kolido, laputopu pamaondo. Kunja kukutuwa. Timadontho tinayi tili pamabedi ake.

Chitseko chakuseri chinatseguka. Majombo. Ndowa kugunda pansi.

Kadontho ka chipinda 3 kanadzuka. Kanalowa chipinda 8. Anatuluka awiri. Analowa 12, anatuluka atatu. Analowa 17. Anayi.

Kompyuta inalemba: Adzuka, akuyenda ndi anzawo.

Pakona panatulukira mayi mmodzi. Wamfupi, wamapewa otakata, mpango kumutu. Dzanja lina ndowa, lina chikolopa. Anandiona. Sanadzidzimuke. Anaika ndowa pansi.

"Mwaponda pamene ndikufuna kukolopa," anatero.

"Vulani jombo, mayi."

"Liti?"

"Mukudziwa."

Anakhala pa benchi. Anakoka lakumanzere. Pamwamba pa sokosi yong'ambika, pakakolo, panali zibangili zinayi zakuda. Khungu lapamwamba pake linali lotupa, lonyeka.

"Zinali zisanu," anatero. "Panopa ndapumako."

"Anakuuzani ndani?"

"Mukufunsa ngati kuti pali abwana awiri. Poyamba a Matroni anazimanga pa chikolopa. Tsiku lomwelo makina anaimbira ana onse kuti makolo awo agwa. Kasanu ndi kawiri. Anayesa pa ndowa, makina anati sakuponda. Ndiye anati, iwe, bwera ndi mwendo wakowo."

"Munavomera?"

"Bambo, ndili ndi ana atatu ndi mwamuna wongodziwa kukhala. Amene anakana kale anachoka. Ndipo ndinkati, zikupweteka ndani? Ndimayenda kale. Mwendo wangawu ukusangalatsa ana a anthu m'maiko anayi. Wina anatumiza maluwa kuti mayi ake akuyenda bwino."

Sanaseke. 

"Lachiwiri."

"Ndinali m'chimbudzi cha amayi, manja ali m'mtondo. A Matroni analowa akupuma mothamanga. Anati, vula cha nambala 9. Ndinati, ndi chiti? Ndinachita kuwerenga manambala kunsi. Anachitenga, anapita. Kenako phokoso pamasitepe."

"Munaona akukankha chikuku?"

"Ndinaona chikubwera. Mlonda akukankha, a Matroni akupukuta mpando ndi thaulo. Madzulo anandipatsa matiresi kuti ndikatenthe."

"Munatentha?"

"Ananyowa kwambiri, sakanayaka. Ali kuseri kwa thanki ya madzi. Musawatsegule musanadye. Kapena mutadya. Kaya." Analavulira m'ndowa. "Aphunzitsi aja anawola msana wonse ali moyo. Chete ankawatembenuza masana. Usiku palibe. Ankapempha mankhwala a zilonda, ankamuuza kuti akubwera. Munthu woyenda tsiku lonse amakhala ndi zilonda zogonera? Ndiye a Matroni anafuna masitepe, anthu ayese anafa pogwa."

"Bwanji simunawauze apolisi?"

"Anandifunsa ndani? Sajeni wanu uja anandiyankhula kamodzi. Anati, sunthani ndowa, mayi."

"Ndikukufunsani ine. Lero 9 koloko Chete ali kukhoti. Mukapanda kubwera, ndi mawu ake okha ndi manambala anga. Woweruza amakonda mapu okhala ndi mitundu. Ntchito yanu pano ikhoza kutha."

Anayang'ana kolido yonse. Zitseko makumi awiri. M'chipinda china munthu ankabuula.

"Masiku atatu awa palibe wawatembenuza anthuwa," anatero. "Wabwera m'malo mwa Chete amangotsegula chitseko n'kutseka, baji ilembe kuti walowa. Mayi wa bala wayamba kununkha ngati Aphunzitsi." Anaweramira jombo. "Chete abwere. Ntchito ndikapeza ina. Zimbudzi sizitha."

"Ukuchita chiyani pamenepo, iwe?"

A Matroni anali ataima pakhomo la ofesi, atavala gauni, opanda magalasi. Maso awo anali pa mwendo wopanda jombo.

*

Uchi unabwerera m'mawu mwawo msanga.

"Bwana, mayiyu ndi wakuba. Taonani, waba zibangili za odwala."

"Waba miyezi itatu, inu n'kumazibweza madzulo aliwonse?"

"Makina sanama, bwana. Lipoti la kampani mwaliona."

"Ndaliona. Makina ananena zoona. Mwendo unayenda. Sanafunsidwe kuti mwendowo ndi wa ndani."

"Inu simudziwa ntchito ino. Antchito awiri, anthu makumi awiri ndi atatu. Ana awo amafuna kuona manambala akukwera. Akatsika amandilalatira pa foni. Kubwera kudzawayendetsa okha, ayi. Ndikanatani?"

"Mukanatembenuza munthu. Mukanasiya mayi wosalakwa kunja kwa chitokosi."

Hutala inalira pageti. Sajeni analowa akuyasamula, kumbuyo kwake wapolisi wamkazi. Anaona mwendo. Anaona zibangili. Pakamwa panatsala potsegula.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Achinyamata anayi," ndinatero. "Munawauza kuti asunthe ndowa."

Mlonda sanalimbe. Atangoona unyolo anayamba kuyankhula, akukhosomola pakati. Anati anangokankha. Anati munthuyo anali atafa kale, sanamve kanthu pogwa. Ankaganiza kuti zimenezo zikumuthandiza.

Matiresi tinawakulunga m'pulasitiki, tinawaika kubuti ya galimoto. Sajeni anasanza pambali pa thanki. Sindinamumvere chisoni. Wapolisi wamkazi anatsala, kudikira anamwino amene ndinaitanitsa kuchipatala. Ndinamuuza ayambire chipinda 8.

Inali 6:20. Kumotchale ndi ulendo wa mphindi makumi anayi. Ndinafuna kufika mwana wa malemu asanafike, dokotala atembenuze thupi ine ndikuona. Kuchokera kumeneko, kuchitokosi.

Sajeni anakhala pachiwongolero. Ine pambali pake. Kumbuyo a Matroni, mlonda pakati, mayi wokolopa kuzenera. Foni ya a Matroni inali m'kathumba ka umboni, pamiyendo panga.

Mayi wokolopa anawerama kuti amasule zibangili.

"Zisiyeni," ndinatero. "Woweruza azione pomwepo."

Tinatuluka geti. Pa laputopu timadontho tinayi tinadutsa mpanda, tinalowa mumsewu, tinayamba kuthamanga. Kompyuta inasowa mawu okoma. Inalemba mofiira: Atuluka. Uthenga watumizidwa kwa abale.

Sitinafike pamphambano. Kathumba kananjenjemera. Mwana wa chipinda 12. Inaduka, inaliranso. Mwana wa chipinda 3. Kenako wa 8, uja woimba kamodzi pamwezi.

A Matroni anaweramira kutsogolo.

"Bwana, ndiloleni ndiyankhe. Ada nkhawa anthuwa."

Mayi wokolopa anatsegula zenera, n'kutambasula mwendo wake.

"Ade," anatero.